Osuofia anabwerako ku London, nanga za Donatus adzajambula ndani?

Pakati pa mzinda wa London pali bwalo lotchedwa Trafalgar Square, pomwe nkhunda zinkatera mwaunyinji osaopa munthu. Eni mzinda ankangozilambalala, alendo n'kumazijambula zithunzi. Koma munthu wokulira kumudzi, amene amadziwa kuti mbalame yonona ndi ndiwo, akafika pamalo otere maganizo ake amalowera kwina. Ndi mmene zinamuchitikira Osuofia, mlenje wa ku Nigeria, mu filimu ya nthabwala ya Osuofia in London yomwe inatuluka m'chaka cha 2003. Anaona ndiwo zikuyendayenda pansi zopanda mwini, anagwirapo, ndipo posakhalitsa anali m'manja mwa apolisi, osamvetsa kuti walakwa chiyani.

Chiseko cha pamenepa sichilira womasulira. Mnyamata wa ku Nsaru amene wakula ndi legeni m'thumba, kapena bambo wa kwa Kabudula amene ali ndi khola la nkhunda kuseri kwa nyumba, nkhaniyo amaimva ngakhale Chingerezi cha ku Nigeria chizimudutsa. N'chifukwa chake nkhope ya Nkem Owoh, amene anasewera ngati Osuofia, inadziwika mpaka m'misika ya kumudzi pa nthawi imene makanema a ku Nigeria anasefukira m'Malawi muno. Ambiri dzina lake lenileni sankalidziwa, koma akangoonekera pa sikirini, chiseko chinkayamba asanatsegule pakamwa.

Nkhani yake ndi yaifupi. Osuofia ndi munthu wosauka, wangongole, wapakamwa, mlenje amene nyama imamupulumuka kawirikawiri. Tsiku lina kumudzi kufika uthenga woti m'bale wake Donatus, amene anapita ku Ulaya kalekale, wamwalira ku London ndipo wamusiyira chuma chonse. Akwera ndege. Kumeneko apeza Samantha, mayi wachizungu amene anali pa chibwenzi ndi malemuyo, komanso anthu ovala masuti ofuna kumulanda chumacho pomusainitsa mapepala. Pakatikati pali chakudya chimene sakuchidziwa, kakhalidwe ka m'nyumba kamene sakukamvetsa, ndi atsikana ovala zimene kwawo sangayende nazo pagulu. M'gawo lachiwiri, lomwe linatuluka mu 2004, nkhani ibwerera kumudzi Samantha ali nawo paulendo, ndipo tsopano mlendo wosadziwa kanthu ndi mzungu uja.

Filimuyi anaikonza ndi Kingsley Ogoro, popanda kampani yaikulu ya mafilimu kumbuyo kwake, ndipo anthu ochuluka anaionera pa zimbale, m'nyumba zawo kapena m'tinyumba ta vidiyo. Njira imeneyi ku Nigeria inatsegulidwa mu 1992 ndi Living in Bondage, filimu ya m'chinenero cha Igbo imene wamalonda Kenneth Nnebue anaijambulitsa pa vidiyo n'kuigulitsa pa matepi. Ena ataona kuti muli ndalama anatsatira. Amalonda a pamsika wa Idumota ku Lagos ndi a ku Onitsha ndi amene ankapereka ndalama zojambulira, okha n'kumagulitsa. Filimu inkajambulidwa m'masabata ochepa, n'kupita kumsika limodzi ndi sopo ndi nsalu. Bungwe la UNESCO linawerengera kuti m'chaka cha 2006 chokha Nigeria inatulutsa mafilimu 872 a mtundu umenewu, ndipo dziko lokhalo limene linaiposa linali India.

Kuno kwathu katundu ameneyu anapeza msika wanjala. Malawi analibe wailesi ya kanema mpaka mu 1999 pamene TVM inayamba kuulutsa, ndipo ngakhale itayamba, kumadera ngati Nambuma ndi Mpingu nyumba za magetsi zinali zowerengeka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko lonse ndi nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse zimene zinkaunikira magetsi, zambiri mwa izo za m'tauni. Choncho kanema wa munthu wakumudzi anali wa pa tireding'i senta: kanyumba ka zidina kapena ka matabwa, mabenchi, nsalu yakuda pakhomo, bolodi lolembedwa ndi choko, jenereta ikulira kuseri, sipika ili panja kuti aliyense wodutsa amve zimene akuphonya. Tsiku la msika ku Nsaru kapena ku Namitete, makamaka m'miyezi yogulitsa fodya ndi mtedza pamene m'matumba muli kangachepe, mabenchi ankadzaza. Makolo ndi aphunzitsi anali ndi chifukwa chodandaulira, pakuti ana ankajomba kusukulu ndipo eni ena ankaonetsa zolaula usiku. Komabe m'tinyumba tomweti ndi mmene anthu ambiri anaonera koyamba munthu wakuda, wokhala m'nyumba yofanana ndi yawo, ali mwini nkhani.

Masiku ano mpira wa ku England ndi umene umadzaza mabenchi, ndipo mafilimu asamukira m'mafoni. Munthu amapita kwa wobena nyimbo ndi memori khadi yake, kulipira pang'ono, n'kubwerako ndi mafilimu okwana sabata yonse, ambiri mwa iwo omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata amene amawonjezeramo nthabwala zawo. Sola yaing'ono padenga yachititsa kuti banja lionere pakhonde, osapitanso kumsika. Filimu yotulutsidwa kuti anthu aonere kunyumba tsopano ili ndi njira yofikira ngakhale mudzi umene minibasi sifika.

Wopusa ndani?

Nkhani ya munthu wakumudzi wosokonezeka mumzinda si yachilendo kuno. M'chaka cha 1948 atsamunda anakhazikitsa Central African Film Unit kuti izikonzera mafilimu anthu akuda a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja, ndipo ankawaonetsa m'midzi ndi magalimoto oyenda ndi kanema. Imodzi mwa mafilimu awo inali Mulenga Goes to Town, nkhani ya mnyamata wotumidwa kukagulitsa nkhuku kutauni amene anabwerako ataluza. Ku South Africa mu 1949 kunatuluka African Jim, imene ena amaidziwa kuti Jim Comes to Jo'burg, momwe munali woimba Dolly Rathebe. Jim angofika mu Johannesburg, akuba amulandira. Mafilimu a atsamunda ankaseketsa ndithu, koma phunziro linali lodziwikiratu: mzinda uli ndi eni ake, iwe wakumudzi khala kwanu, ukabwera ubwere kudzagwira ntchito basi.

Osuofia anatembenuza zimenezi. N'zoona kuti timamuseka, koma tikamaonera timazindikira kuti iye sachita manyazi ndi kumene achokera. Amalankhula mokweza, amatsutsa mitengo ya zinthu, amafunsa mafunso amene munthu wophunzira angaope kufunsa, ndipo anthu a masuti amene ankamuyesa chitsiru amalephera kumumaliza. Woonera wa ku Mpingu, amene wanyozedwapo pa kauntala ya ofesi mu Lilongwe chifukwa cha nsapato zafumbi, amadziwa mbali imene ali. Akamaseka, akusekanso mzinda umene uli ndi malamulo oteteza nkhunda koma anthu ake sapatsana moni. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya filimuyi, ndipo ndi chifukwa chake yakhalitsa kuposa mazana a anzake amene anatuluka chaka chomwecho.

Ili ndi zofooka zake, ndipo sindikufuna kuzibisa. Nthabwala yaikulu ya filimuyi ndi yoti Osuofia akuona Samantha ngati gawo la chuma chamasiye chimene ayenera kulowa. Kwathu kuno chokolo timachidziwa, ndipo tikudziwanso amayi amene analandidwa katundu, ena kutenga matenda, chifukwa cha mwambo umenewu pa nthawi imene Edzi inali kupulula anthu. Mayi wamasiye atakhala pa benchi la vidiyo sangaseke mofanana ndi anyamata amene ali pambali pake. Akazi a mufilimuyi, kaya ndi mkazi wa Osuofia, ana ake kapena Samantha, alipo kuti nthabwala za mwamuna ziyende. Ndiponso mbali zina zimatalika mopanda chifukwa, monga zinkachitikira ndi mafilimu ambiri a nthawi imeneyo amene ankadulidwa pawiri kuti agulitse zimbale ziwiri.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi china. Osuofia si munthu wosamukira kudziko la eni. Ndi mlendo wa masiku ochepa, wobwera ndi tikiti yobwererera, woyembekezera chuma. Sasaka ganyu, sagona asanu m'chipinda chimodzi, sabisala akaona galimoto ya apolisi. Munthu amene anakhaladi moyo wa kunja ndi Donatus, ndipo nkhani imayamba iye atafa kale. Anafika bwanji ku London? Anagona kuti usiku woyamba? Anadya chiyani zaka zonsezo, analankhula ndi yani chinenero cha kwawo, n'chifukwa chiyani anakhalitsa chotero? Filimu siyankha. Ndipo m'midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe, mabanja ambiri ali ndi Donatus wawo: atsibweni amene anapita ku Harare asanabadwe amene akulamulira mudzi lero, achimwene amene foni yawo ya ku Joni inasiya kugwira, matchona amene dzina lawo limatchulidwa pamaliro pokha.

Njira ya kumwera

Dera lino silitchuka pa nkhani ya ku Joni ngati Mzimba, Nkhata Bay kapena Mangochi. Nthaka ya m'chigwa cha Lilongwe ndi yachonde, ndipo fodya, chimanga ndi mtedza zinasunga amuna ambiri pakhomo. Komabe msonkho wa atsamunda sunasiye mudzi uliwonse, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 amuna a kuno anapita nawo. Ena analembedwa ndi bungwe la Wenela kupita kumigodi ya golide, ena ndi Mthandizi kupita kuminda ya azungu ku Southern Rhodesia, ena anangonyamuka okha wapansi. Kamuzu Banda mwiniwake, mnyamata wa ku Kasungu, anayenda njira yomweyo: anagwira ntchito pachipatala cha ku Hartley, kenako pamgodi pafupi ndi Johannesburg. Pofika mu 1973 Amalawi a m'migodi ya ku South Africa anali oposa 100,000. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, n'kutheratu mu 1988 maboma awiriwa atasemphana pa nkhani yoyeza anthu kachilombo ka HIV.

Kutha kwa TEBA sikunatseke njira. Lero achinyamata amakwera basi kapena galimoto za matransipota, kutulukira pa Dedza kapena pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako kulowa South Africa pa Beitbridge. Akafika amagwira ntchito zosamalira maluwa, za m'nyumba, za m'mashopu, zomanga. Masiku a mu pasipoti akatha amakhala mozemba, ndipo wogwidwa amakatsekeredwa ku Lindela kudikira kubwezedwa. Mu May 2008 anthu 62 anaphedwa ku South Africa pa zipolowe zothamangitsa alendo, ndipo mu April 2015 zitayambiranso ku Durban boma linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Mu November 2023 njira ina inatseguka pamene achinyamata 221 anakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, dzikolo lili pankhondo. Kwa anthu a ku Namitete palinso njira yaifupi imene sitiiwerengera n'komwe: msewu wa ku Mchinji, kudutsa pa Mwami, kukafika ku Chipata ndi Lusaka, kumene chinenero n'chimodzimodzi koma munthu amakhalabe wobwera.

Wina angafunse kuti m'zonsezi muli chiyani choseketsa. Yankho lili mwa amene anapitako. Khalani pansi ndi agogo amene anagwirako kumigodi, muwafunse za tsiku loyamba. Sayamba ndi za fumbi la m'mapapo. Ayamba ndi mmene anawavulira zovala onse pamzere kuti awayeze sikelo, mmene anavutikira ndi Fanakalo mpaka kuyankha zosiyana ndi zimene kapitawo wafunsa, mmene mnzawo anagwirira chipewa pamene chikepe chinayamba kutsika pansi pa nthaka. Akatero amaseka mpaka kutsokomola, ndipo za imfa ya anzawo zimabwera pambuyo, chiseko chitatsegula njira. Wachinyamata wobwera ku Cape Town naye amasimba za galu wa bwana amene ali ndi dokotala wake ndi bedi lake, za kujambulitsa chithunzi atatsamira galimoto ya eni kuti kumudzi aone, za foni yochokera kwa alamu yopempha feteleza tsiku lomwe iye wagona ndi njala, za kunamizira kusamva pamene wina mu minibasi wamuyankhula Chizulu kuti amuyese ngati ndi wobwera.

Nthabwala zimenezi zili ndi ntchito. Chinthu chimene chimasunga matchona kunja nthawi zambiri ndi manyazi: munthu angabwerere bwanji chimanjamanja pamene mnzake wa zaka zofanana anabwera ndi malata, njinga yamoto ndi sola? Choncho amene zinthu sizinawayendere amakhala chete, amene zawayendera amakokomeza, ndipo mwana wa Fomu 2 amakula akudziwa mbali imodzi yokha. Filimu yolira imamuopseza kwa ola limodzi, koma amadziuza kuti zimenezo zinagwera wopanda mwayi. Filimu imene imamuseketsa pa chithunzi chotsamira galimoto ya eni imamuphunzitsa kuona zithunzi za achimwene ake ndi maso ena, popanda kuwanyoza. Imapatsanso wobwera chimanjamanja uja mpata woti anene kuti inde, ndi mmene zinalili, anthu n'kuseka naye limodzi.

Ndipo anthu a dera lino luso loseka za ulendo ali nalo kale. Mwamuna wa Chichewa akakwatira n'kukakhala chikamwini amalawa moyo wa wobwera: munda ndi wa eni, ana ndi a kuchikazi, apongozi akuyang'ana mmene akugwirira khasu, ndipo akulu anachenjeza kale kuti mkamwini asamakule mwendo. Nthabwala za mkamwini wadyera, mkamwini waulesi, mkamwini wobisa ndiwo, zadzaza m'nthano zathu, ndipo amene amaziseka kwambiri ndi akamwini eni ake. Pabwalo napo, Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, wakhala akuyang'ana alendo ndi diso lakuthwa kuyambira kale. Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya anatuluka pamene azungu ndi amishoni anafika, mudzi n'kupeza njira yoseka anthu amene sukanatha kuwayankha pamaso.

Nanga filimu yathu ili kuti?

Mafilimu a ku Malawi akula ndithu. Charles Shemu Joyah anatipatsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. The Boy Who Harnessed the Wind, yojambulidwa ku Kasungu ndi Chiwetel Ejiofor, inafikitsa Chichewa pa Netflix mu 2019. Onsewa ndi mafilimu olemera, a nkhani zogwira mtima, ndipo ambiri anaonedwa kwambiri m'zikondwerero za mafilimu kunja kuposa pa Nsaru. Kumbali ya nthabwala tinali ndi Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga amene anatisiya mu 2016 ndi malemu Eric Mabedi mu 2021, anthu amene ankatha kuseketsa holo yonse ndi mkangano wa anthu awiri okha. Tinali ndi Tikuferanji, momwe Michael Usi ngati Manganya anaonetsa kuti nkhani ya Edzi ingakambidwe anthu akuseka. Lero pa Facebook, TikTok ndi YouTube pali achinyamata ambiri ojambula timasewero ta mphindi zitatu, ndipo munthu wobwera ku Joni ndi kayankhulidwe kosintha amapezekamo kawirikawiri.

Chosowa ndi filimu yathunthu, ya ola ndi theka, imene ingatsatire munthu mmodzi kuchokera tsiku logulitsa ngolo kuti apeze ya pasipoti mpaka tsiku lobwerera kapena losabwerera. Timasewero tatifupi timaseka wobwerayo kuchokera kunja, maso athu ali pa jekete yake ndi magalasi ake. Filimu yaitali ingatilowetse m'chipinda chimene amagona, n'kutionetsa nthabwala zimene iye ndi anzake amaseka okhaokha usiku atatseka chitseko.

Cholepheretsa chachikulu ndi ndalama, ndipo njira yomwe ija imene imafikitsa filimu kumudzi ndi imenenso imamudya wojambula. Filimu ikangofika pa kompyuta ya wobena mmodzi, mawa ili paliponse, ndipo mwini wake sapeza kanthu. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, komanso lamulo la umwini wa zaluso la 2016, zilipo, koma palibe amene angaike wapolisi pa shopu iliyonse ya memori khadi, ndipo sindikhulupirira kuti kuthamangitsa anyamata amenewa ndi yankho. Iwo ndi amene ali ndi makasitomala. Ku Nigeria amalonda a pamsika ndi amene anasanduka olipirira mafilimu, chifukwa ankadziwa chimene anthu akufuna. Ndipo filimu ya moyo wa kunja ili ndi mwayi umene ena alibe: anthu ake oyamba kuionera ali ku Johannesburg, Cape Town, Durban, ngakhale ku Ireland ndi ku England, ali ndi intaneti yotsika mtengo, ali ndi njala ya Chichewa, ndipo ndalama amadziwa kale kutumiza kudzera pa foni. Ena mwa iwo akhoza kusewera okha. Mbali ya ku Joni ingajambulidwe ndi Amalawi okhala komweko, m'zipinda zawo zenizeni, mbali ya kumudzi n'kujambulidwa kwa Kabudula.

Pali nkhani inanso imene ili pafupi kwambiri, yosafuna ngakhale pasipoti. Dera lino nalo lalandira alendo ambiri. Minda ya fodya ya m'chigwa cha Lilongwe, Mchinji ndi Kasungu yakhala ikukoka matenanti ochokera kumwera, mabanja athunthu obwera pa lole ndi mapoto awo, okhala chaka chonse pa ngongole ya chimanga kudikira kuti fodya akagulidwe ku Kanengo. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko lino linasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni. Ndipo m'boma la Dowa muli Dzaleka, kampu imene inatsegulidwa mu 1994 pamalo pamene kale panali ndende ya andale, ndipo lero ikusunga anthu oposa 50,000 ochokera makamaka ku DR Congo, Burundi ndi Rwanda. Ena mwa iwo anatuluka n'kukatsegula mashopu m'matauni ndi m'misika ya kumudzi, anthu n'kumangowatchula onse kuti Maburundi. Anaphunzira Chichewa pa kauntala, ena anakwatira konkuno, ana awo sadziwa dziko lina. Mu May 2023 apolisi anayamba kuwagwira n'kuwabwezera kukampu, mashopu n'kutsekedwa.

Zinandipweteka kumva anthu ena akuombera m'manja, anthu omwewo amene analira pamene abale awo ankathamangitsidwa ku Durban. Mawu amene ankanenedwa, akuti akutilanda malonda, akuti abwerere kwawo, ndi omwe aja amene Mmalawi amawamva ku Joni. Nkhani ya m'nyuzi ikanena zimenezi, munthu amakwiya n'kutseka tsamba. Koma taganizirani filimu ya banja limodzi: mwana wamwamuna ali ku Joni akugulitsa mushopu ya eni, akubisala, pamene kumudzi mlongo wake wakwatiwa ndi mwini shopu wochokera ku Burundi, ndipo atsibweni, amene amadya ngongole ya shuga pashopu yomweyo, ndi amene akuyenera kuweruza ngati mkamwini ameneyu ndi wathu. Munthu angaseke kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo pofika kumapeto atadziona yekha. Osewera sangasowe. Ku Dzaleka kuli oimba, ovina ndi ojambula mafilimu, ndipo chikondwerero cha Tumaini, chimene mlakatuli Menes la Plume wa ku DR Congo anayambitsa mu 2014, chakhala chikukoka anthu zikwizikwi kupita kukampuko.

Wofuna kulemba filimu yotere asayambire pa kompyuta. Ayambe wayenda ndi foni yojambulira mawu m'midzi ya kwa Kabudula, kwa Kalolo ndi kwa Khongoni, kufunsa nyakwawa kuti kuno anapitako ku Wenela ndani. Ena mwa akuluakulu amenewa akhala akulembetsa maina zaka zambiri kuyembekezera ndalama zawo za kumigodi, ndipo ena akuyesa mwayi ku Tshiamiso Trust, thumba la R5 biliyoni limene makampani a migodi ya golide anavomera kukhazikitsa kuti lipepese odwala matenda a fumbi ndi chifuwa chachikulu. Amayi amene anatsala akulera ana okha, akudikira kalata ndi bulangete, nawonso ali ndi mbali yawo imene sinafunsidwepo mokwanira, ndipo nthabwala zawo za amuna obwera ndi wailesi koma opanda ndalama ya msonkho ndi zakuthwa kuposa za amunawo. Mnyamata amene anakwera ndege ya Wenela mu 1973 ali ndi zaka 20, lero wadutsa zaka 70, ndipo gulu lomaliza la TEBA nalonso likukalamba. Kuwajambula mawu kungatheke chaka chino, ndi foni wamba ndi ndalama ya kabaza, ngakhale ya filimu yeniyeniyo isanapezeke.